Galimoto ya maliro imene sinafike ku Emmasdale

Bambo atamwalira, abale awo anatenga nyumba ya ku Chelstone muno mu Lusaka, firiji, bedi la amayi, ndi kompyuta imene ndinkaphunzirira. Koleji inathera pomwepo, ndili chaka chachiwiri. Sindikulemba izi kuti wina andimvere chisoni. Ndikulembera iwe Thoko, mwana wanga, chifukwa tsiku lina udzafunsa kuti bwanji bambo ako amakonza mafoni pakhonde la sitolo m'tauni pamene amadziwa kulemba mapulogalamu, ndipo amayi ako adzakuuza kuti anthu anandichitira nkhanza. Anandichitiradi, koma si nkhani yonse. Ntchito ya makompyuta ndinaisiya ndisanakwanitse zaka makumi atatu ndipo sindidzabwererako. Ena amalemba mbiri zotere atamera imvi. Yanga ndi yaifupi, ndiye ndilemberetu.

Chaka choyamba, Northmead

Ntchito yoyamba ndinaipeza kwa ba Chanda, mwamuna wa ku Kopala, kumigodi ya mkuwa, amene anali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ya matayala. Tinalimo antchito atatu ndi fani imodzi. Tinkapangira mabizinesi ang'onoang'ono mawebusayiti: sukulu za mkaka, nyumba zogona alendo, wogulitsa anapiye. Ba Chanda sanandifunse satifiketi. Anandipatsa laputopu ya batire lakufa nati ndipange fomu yolembetsera ana asukulu asanatseke ofesi. Ndinaipanga. Anandiuza kuti ndibwere Lolemba, ndipo kwa zaka zitatu sanalole kuti ndiiwale kuti ananditola wopanda pepala. Magetsi akazima tinkanyamula malaputopu kupita kumalo odyera okhala ndi jenereta, n'kukhala maola anayi pa botolo limodzi mpaka woperekera zakudya atayamba kupukuta tebulo pansi pa zigongono zathu.

Sitinkamanga chilichonse kuyambira pansi. Tinkagwiritsa ntchito fulemuweki, ndiye kuti chimango cha pulogalamu chimene anthu ena anamanga kale, ife n'kumangoikamo makoma athu. M'chimangomo muli chinthu chimodzi chimene ndikufuna umvetse, zina zonse zilibe ntchito. Munthu akalemba kanthu pa fomu ya pa intaneti, zimene walembazo sizilowa m'kompyuta momwe zilili. Zimayamba zadutsa m'masefa. Sefa iliyonse ndi kachidutswa ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi. Ina imachotsa mipata imene munthu wasiya kumapeto kwa mawu, ina imachotsa zizindikiro zimene akuba amabisa m'mafomu, ina imasandutsa zolembedwazo kukhala tsiku kapena nambala. Masefawo umawalumikiza motsatana, chotuluka mu yoyamba n'kulowa mu yachiwiri, mpaka kumapeto. Kumapetoko kumaima chimene ife tinkachitcha mlonda. Mlonda sasintha kanthu. Amangoyang'ana chimene chamufika n'kuvomera kapena kukana, ndipo akakana munthu amaona uthenga wofiira womuuza chalakwika. Ba Chanda anandiuza tsiku lachiwiri kuti sefa ntchito yake ndi kuyeretsa, kukana n'kwa mlonda, ndipo wosakaniza ziwirizi amanamiza anthu. Ndinamva. Usadzaganize kuti sindinkadziwa.

Ndinali wachangu ndiponso wamwano. Anzanga awiri aja anali ndi madigiri, ndipo chilichonse chimene iwo ankachita masiku awiri ine ndinkafuna kuchimaliza masana asanakwane, kuti ba Chanda aone. Munthu akandifunsa funso kawiri ndinkamuona ngati chitsiru.

Chaka chachitatu, nyengo yozizira, Woodlands

Tinapeza kasitomala wamkulu kuposa onse, kampani yokonza maliro ya ku Woodlands. Mwini wake anali ba Mulenga, okhala ku Kabulonga, amene ankayankhula ndi munthu akuyang'ana makiyi a galimoto yawo. Anali ndi magalimoto anayi onyamula mitembo, ndipo zonse zinkalembedwa m'buku lalikulu la chikuto cholimba. Ankafuna kuti wolandira anthu azilemba pa kompyuta, madalaivala aziona pa mafoni awo kuti lero apita kuti. Wolandira anthuyo anali ba Mwansa, mayi wamasiye wa ku Luapula, okhala ku Kabwata. Anakhala pa tebulo limenelo zaka zambiri kuposa zimene ine ndinakhala pasukulu. Ankadziwa kukhazika pansi munthu wolira, kumupatsa madzi, ndi kumufunsa tsiku la maliro popanda kumupweteka.

Ba Mulenga anali ndi lamulo lakuti galimoto izilembetsedwa kutatsala masiku awiri, poti maliro ambiri amadikira abale ochokera kumudzi. Wina akafuna msanga, fomu ikane n'kuuza ba Mwansa kuti aimbire bwana, iwo apatule galimoto. Ndinalemba momwemo. Sefa yoyamba inkachotsa mipata, yachiwiri inkasandutsa zolembedwazo kukhala tsiku, kenako mlonda ankakana tsiku lapafupi. Zinali bwino.

Lachisanu lina masana ba Mulenga anafuna kuonetsa anzawo chinthu chawo chatsopano. Analemba tsiku la tsiku lomwelo, uthenga wofiira unatuluka, sanauwerenge, anangoimbira ba Chanda kuti tawagulitsa chinthu chowonongeka. Ba Chanda anatsitsa foni n'kundikalipira pamaso pa anzanga, nati sakufuna kumvanso za zofiira. Ndikanatha kuwafotokozera kuti zofiirazo ndi lamulo la ba Mulenga eni ake. Ndinali nditakwiya ndipo ndinkafuna kuweruka. Ndinalemba sefa yachitatu, mizere isanu yokha: tsiku likakhala lapafupi, lisunthe lifike pa masiku awiri. Ndinaiika patsogolo pa mlonda. Kuyambira pamenepo mlonda sanaonenso tsiku lolakwika, chifukwa linkamufika litasunthidwa kale. Fomu inkangoonetsa uthenga wobiriwira wakuti zatheka, osatchula tsiku limene yasunga. Ba Chanda anayesa, anaona zobiriwira, nati ndi chifukwa chake amandisunga.

Sabata yotsatira ndinapita kukaphunzitsa ba Mwansa. Ankalemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, akutchula chilembo chilichonse chapansipansi, ndipo asanadine batani ankawerenganso zonse. Ine ndinkaseweretsa foni. Atamaliza anatembenuka n'kundifunsa.

"Manje ba Dali, Asilamu akabwela? Aja sachedwa, amaika tsiku lamene ilo."

"Lembani chabe, izagwila," ndinawayankha.

Pa nthawi yomweyo ndinakumbukira sefa yanga yachitatu. Ndinadziuza kuti ndidzaikonza Lolemba. Lolemba kunabwera ntchito ina.

Chaka chomwecho, Okutobala

Lachiwiri lina m'mawa, ku Emmasdale kunamwalira mkulu wina, Che Amidu, wokhoma zidebe ndi mbaula, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Mwana wawo, a Saidi, anafika ku Woodlands cha m'ma teni. Anati mwambo ndi tsiku lomwelo, galimoto ifike pa mzikiti anthu akatha pemphero la masana. Ba Mwansa analemba Lachiwiri, anawerenganso, anadina, panatuluka zobiriwira. Anauza a Saidi kuti apite ndi mtima umodzi. Kompyuta inasunga Lachinayi. Pa mafoni a madalaivala panalibe Emmasdale, choncho atatu anapita ku maliro ena, wachinayi anapereka galimoto ku galaja.

Ine kunalibe. Ndinazimva mawa lake, ndipo pambuyo pake ndinazimvanso kwa amene analipo. Mtembo unasambitsidwa, unakulungidwa mu nsalu yoyera, unapemphereredwa. Amuna anatuluka nawo pa jeneza, chonyamulira mtembo, n'kuima panja pa mzikiti m'dzuwa la Okutobala. Anadikira ola, kenako ena awiri. A Saidi ankaimba foni, ba Mwansa ankaimbira madalaivala, onse ali kutali. Potsiriza anaimitsa lole yonyamula mchenga, anaisesa ndi nthambi, anayalamo mikeka, n'kukwezamo Che Amidu. Anawaika dzuwa likulowa, anthu ena atabwerera kale.

Lachitatu m'mawa ba Mulenga anatiitanitsa kunyumba kwawo. Ndisananyamuke ndinatsegula kaundula wa seva, kompyuta imene inkasunga pulogalamu yathu, mmene mumalembedwa chilichonse chimene chafika chisanalowe m'masefa. Sindinavutike kufufuza. Mzere wake unalipo: chimene ba Mwansa anatumiza chinali Lachiwiri. Ndinauza ba Chanda tili m'galimoto. Anaima pambali pa msewu, anazimitsa injini. Kenako anati ba Mulenga akadziwa, ntchito imeneyi yatha pamodzi ndi zina ziwiri zimene anatilonjeza kwa anzawo. Anati iwo adzapeza pogwira, nanga ine wopanda pepala, mkazi ali ndi pakati, ndidzapita kuti? Sanandiuze kuti ndiname. Anati ndiyankhe zokhazo zimene ndafunsidwa.

Ku Kabulonga mlonda wa pageti anatitsegulira, wantchito anatibweretsera juwisi pa thireyi. Ba Mwansa anali atafika kale pa minibasi, atakhala kumapeto kwa mpando wa sofa, chikwama chili pa maondo. Iwowo sanapatsidwe juwisi. Ba Mulenga anati banja la ku Emmasdale lauza anthu onse a mzikiti, ndipo akufuna kudziwa walakwa ndani. Anandifunsa kuti kompyuta ikuonetsa chiyani. Ndinatembenuza laputopu n'kuwaonetsa tsamba la zolembetsa, osati kaundula. Panalembedwa Lachinayi, wolemba Mwansa.

Ba Mwansa anayandikira n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Sanayang'ane bwana wawo, anayang'ana ine.

"Ba Dali, ine ninalemba Chiwili. Ninawelenga kawili. Kompyuta ingasinthe yeka?"

"Kompyuta siisintha chinthu yeka, ba mayo," ndinatero.

Chimene ndinanenacho chinali choona, ndipo ndinachisankha chifukwa chinali choona. Ba Mwansa anabwerera pa mpando. Ba Mulenga anati ukalamba suchitira mwina, ndipo anawauza kuti amalize sabata imeneyo basi. Pobwerera ba Chanda anayatsa wailesi. Masana omwewo ndinachotsa sefa yachitatu, ndipo pamalo olembapo chifukwa chosinthira pulogalamu ndinalemba kuti kuyeretsa.

Chaka chachinayi, kumapeto kwa dzinja

Iwe unabadwa mu Januwale. Ntchito ziwiri zija zinabweradi, ba Chanda anagula fani yachiwiri, ndipo anayamba kunditchula kwa makasitomala kuti ndine dzanja lawo lamanja. Sindinganene kuti ndinkalephera kudya. Ndinkadya bwino. Koma ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene ba Chanda sankachilabadira: seva yathu inkafufuta yokha kaundula akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Ndine ndinaitchera choncho kuti isadzaze. Ndikangokhala chete mpaka pakati pa Epulo, mzere uja udzatha, ndipo sipadzakhalanso chilichonse padziko chosonyeza kuti ba Mwansa analemba bwino. Ndinkawerenga masiku. Ndikuuze zoona, masiku ambiri ndinkawawerenga ngati munthu woyembekezera kumasulidwa.

Kutatsala masiku atatu ndinasindikiza mzerewo pa pepala, pansi pake ndinasindikiza mizere isanu ya sefa yanga ndi dzina langa pambali. Sindikudziwa chimene chinandituma. Sikunali kulimba mtima, chifukwa munthu wolimba mtima akanayankhula ku Kabulonga. Ndinapita ndi pepalalo ku Woodlands. Pa tebulo la ba Mwansa panali mtsikana wa zikhadabo zazitali, mphwake wa akazi a ba Mulenga. Ba Mulenga anawerenga pepala ali chiimire, nati nkhaniyi inatha kale, malo ali ndi munthu, sangachotse m'bale chifukwa cha zinthu za chaka chatha. Anaimbira ba Chanda ine ndili pomwepo. Pofika ku Northmead ndinapeza mawu achinsinsi olowera mu seva atasinthidwa. Ba Chanda anandilanda laputopu pakhomo, nati ananditola ndili wopanda kanthu ndipo ndawalipira powachititsa manyazi. Anthu a ntchito imeneyi mu Lusaka ndi ochepa ndipo amadziwana. Ndinayesa malo atatu, konse anali atamva kale kuti ndine woononga zinthu n'kukaneneza bwana. Ndinasiya kuyesa.

Epulo yemweyo, Kabwata ndi Emmasdale

Ba Mwansa ndinawapeza pageti la nyumba yawo akukazinga vitumbuwa vogulitsa. Anali atavala magalasi, amene kale analibe. Sanandipatse moni wa masiku onse, anangondifunsa kuti ndasochera kapena. Ndinawapatsa pepala. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuwerenga ndi chala, akutchula chapansipansi monga ankachitira kuofesi. Ndinawafotokozera mwachidule kuti iwo analemba Lachiwiri, chimene chinasuntha tsiku ndi chinthu chimene ine ndinalemba, ndipo tsiku la msonkhano lija ndinali nditadziwa kale.

Ndinkayembekezera kuti andikalipire. Anatsitsa chiwaya pamoto n'kuyamba kundiuza zinthu pang'onopang'ono, ngati akundiwerengera uthenga wa munthu wina. Anati sabata yoyamba anali otsimikiza kuti analemba bwino. Sabata yachiwiri anayamba kukayika, poti mwana wophunzira makompyuta ananena pamaso pawo kuti makina sasintha kanthu. Anapita kukayezetsa maso, adokotala anati maso ali bwino ndithu, koma iwo anaumirira magalasi. Anasiya kuwerenga zolengeza kutchalitchi. Amayi awo okalamba, amene amamwa mankhwala a mtima, anasiya kuwapatsa okha mankhwalawo. M'mawa uliwonse ankaitana mkazi wa nyumba yoyandikana kuti awerenge botolo. Ndipo sabata yachiwiri ija, atayamba kukayika, anakwera minibasi kupita ku Emmasdale, analowa m'nyumba ya siwa, n'kugwada pamaso pa mkazi wa Che Amidu ndi amayi onse amene anali mmenemo, kupepesa kuti ndi iwo anachititsa kuti mwamuna wake apite kumanda pa lole ya mchenga.

Anandibwezera pepala. "Ine nilibe nalo nchito ili. Mupeleke kwamene ninagwada."

Ndinapita Lachisanu, anthu atatuluka mu mzikiti. A Saidi anali pa shedi ya malemu bambo awo, akupinda lata pa chitsulo, amuna ena awiri achikulire atakhala pa benchi. Ndinadzitchula dzina n'kunena kumene ndinkagwira ntchito. Kenako ndinayamba kufotokoza za masefa, kuti yoyamba imatere, yachiwiri imatere, ndipo ndinadzimva ndekha kuti ndikubisala m'mawu ambiri. A Saidi anaika nyundo pansi.

"Achimwene, za makina zisiyeni. Mayi aja analemba bwino?"

Ndinati inde.

"Inu munadziwa liti?"

Ndinati mawa lake, asanawachotse ntchito.

Mmodzi wa akulu aja anatembenuzira nkhope kumsewu. A Saidi anatenga pepala, sanaliwerenge, analipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Anati amayi awo anawakhululukira mayi aja tsiku lomwe anabwera, koma mpaka pano akamatchula nkhaniyi amati mayi wosasamala uja. Anangofunsa kumene ba Mwansa amakhala, ndipo poona kuti kufotokoza njira za ku Kabwata n'kovuta, anati ndibwere Lamlungu masana ndidzawatsogolere.

Lamlungu tinakwera minibasi atatu, ine, a Saidi ndi amayi awo, mayi wamng'ono thupi wofunda nsalu kumutu. Ananyamula chitenje chatsopano m'pepala, a Saidi ananyamula chidebe chimene anakhoma okha. Titafika, ba Mwansa anatuluka, anaona alendo, anagwira pakamwa. Amayi a Saidi anafuna kugwada pomwepo pageti, ba Mwansa anawagwira m'mapewa kuti asatero, n'kuwalowetsa m'nyumba. A Saidi anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Ba Mwansa anandiyang'ana kamodzi, anakoka katani ya pakhomo.

Ndinaima panja pafupi ndi mbaula yozima. Kudzera pa zenera ndinkamva mawu a amayi a Saidi akuyankhula motalika, kenako ba Mwansa akulira, kenako makapu akugundana. Patapita nthawi ndinamva onse atatu akuseka chinachake chimene sindinachimve. Ntchito ya ba Mwansa sinabwerere, ndipo sinabwererebe mpaka lero. Mwana wa nyumba yoyandikana anabwera kudzagula vitumbuwa, ndinamuuza kuti eni ake ali ndi alendo.

Patatha mwina ola, a Saidi anasuzumira pakhomo n'kundiona ndidakali pomwepo. Anati akhalitsa, ndipo njira yobwerera aidziwa tsopano, ndikhoza kumapita. Ndinapita.